Funso Loyamba Likhale Liti?

Aphunzitsi, munthu akagwa mwadzidzidzi, pakamwa papotoka, mkono walefuka, mawu sakumveka, kuno ku Phalombe ambiri amayamba ndi kufunsa kuti, “Wammenya hamala ndani?” Kodi limeneli ndi funso la chikondi? Sitikana kuti ofunsawo amamkonda wodwalayo. Koma funsoli limadya nthawi, ndipo kawirikawiri limakathera pakhomo pa gogo wina wosalakwa, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Matendawa ndi sitiroko. Mtsempha wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika, makamaka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Mbali ya ubongo imene yasowa magazi imayamba kufa m'mphindi zochepa, pamene abale akadali pamphasa kukambirana za kwa sing'anga. Pa Marko 2 sitimva amuna anayi aja akufufuza amene anapuwalitsa mnzawo. Iwo anangomnyamula.

Tsono amene wadziwa zizindikirozi ali ndi ngongole kwa anansi ake, ndipo inu mwadziwa. Tsiku lokumbukira sitiroko padziko lonse ndi 29 October. Lamulungu loyandikana nalo, ana achite kasewero: wina auze mnzake amwetulire, akweze manja onse awiri, atchule dzina lake. Musawapeputse ana, pakuti ndiwo amatsala pakhomo ndi agogo akulu akapita kumunda. Muwauze kuti china chikalephereka aitane akulu msanga, asampatse wodwalayo madzi kapena phala, angatsamwe, ndipo apite naye ku Holy Family kapena chipatala chapafupi nthawi yomweyo.