Ndinamenyedwa, Ndinaloweza. Ndiye Zinali Bwino?



Mwezi watha ndinali pa practical ku sukulu ya mkombaphala kufupi ndi Lirangwe, monga gawo la maphunziro anga a kakulidwe ka ana. Tsiku lina ndinakweza dzanja kuti ndikonze hijabu. Kamtsikana ka zaka 4 kamene kanali pambali panga kanabisa mutu msangamsanga. Kankadikira mbama.

Ndinadziona ndekha ndili wamng'ono ku madrasa kwathu ku Chileka. Juzu Amma ndinaloweza chikwapu chili pambali. Ndipo ndinalowezadi, mpaka lero sindiphonya. Apa ndiye pakundivuta.

M'kalasi timaphunzira za John Bowlby, amene anafotokoza kuti mwana amafunika wamkulu woti athawireko akachita mantha. Nanga ngati wamkuluyo ndi amene akumuopa, athawire kuti? Izi si za azungu okha ayi. Mtumiki (SAW) ankapsompsona mdzukulu wake Hasan, ndipo Al-Aqra bin Habis atanena kuti mwa ana ake 10 sanapsompsonepo ngakhale mmodzi, Mtumiki anamudzudzula.

Komabe a Ustadh anga sindingawatche oipa. Ankatiphunzitsa osalipidwa, ana ambirimbiri iwo ali okha. Anatichita zomwe iwo anachitidwa. Mpaka pano ndimawachitira dua.

Kodi ndingawathokoze pa Qur'an imene anandipatsa, n'kukana chikwapu chawo, osakhala wosayamika? Ine ndikuona ngati n'zotheka. Loweruka ndikuyamba kuphunzitsa tiana Alif Ba ku mzikiti kwathu, ndipo mayi ena andiuza kale kuti popanda kamtengo sindipita nato patali. Sindinawayankhe, ndinangomwetulira, koma mtima unagunda.