Kodi Kukhala Chete Ndi Kuba?

Amayi, taganizirani Land Rover yakale yogona pansi pa mtengo wa mango ku Chikwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwini wake anamwalira. Pafika munthu wa ku Lusaka, nasuzumira nambala ya chesisi, nazindikira kuti ndi ya mtundu woyamba uja, wa 1948 mpaka 1958, umene okonda magalimoto akale ku Britain amaulimbirana. Iye atchula mtengo wa zitsulo zakutha, wamasiye nalandira ndi manja awiri, pakuti ya sukulu ya ana yapezeka.

Bodza sananene, ndipo nzeru zakezo anazivutikira. Komabe ine ndikuti wamudyera masuku pamutu, chifukwa phindu lonselo lachokera pa kusadziwa kwa mayiyo. Nanga inu, makina osokera aja munagula kwa mnansi mu Febuluwale wa njala, munapereka zingati?