Chordoma: Chotupa Chimodzi, Maonekedwe Osiyana Malinga ndi Malo

Chordoma ndi khansa ya m'mafupa yosowa kwambiri. Pa anthu miliyoni imodzi, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amapezeka nayo pa chaka. Imachokera ku maselo otsalira a notochord, kamzere kamene kamatsogolera kuumbika kwa msana mwana akadali m'mimba. N'chifukwa chake imamera motsatira msana, makamaka kumapeto kwake konse kuwiri: pansi pa chigaza ndi pa fupa la m'munsi lotchedwa sacrum.

Gwero ndi limodzi, koma pa maikulosikopu chotupachi sichioneka chimodzimodzi paliponse. Mu 1857, Rudolf Virchow anaona maselo odzaza ndi timatumba tonga thovu m'kachotupa ka pansi pa chigaza, ndipo anaganiza kuti ndi chichereŵechereŵe. Sitingamunene kwambiri, pakuti malo amenewa amasokonezadi. Mu 1973, Heffelfinger ndi anzake a ku Mayo Clinic anafotokoza mtundu wa chordoma wooneka ngati chichereŵechereŵe, womwe umakonda kumera pomwepo ndipo ku sacrum supezekapezeka.

Vuto n'lakuti pamalo omwewo pamameranso khansa ina, chondrosarcoma, yofanana nayo maonekedwe koma yomvera chithandizo bwino. Dokotala akasokoneza ziwirizi, wodwala amauzidwa zolakwika za m'tsogolo mwake. Mpungwepungwewu unachepa mu 2006, pamene akatswiri a ku London anasonyeza kuti puloteni ya brachyury imapezeka mu chordoma koma osati mu chondrosarcoma.

Msinkhu nawo uli ndi gawo lake. Mtundu wina woopsa kwambiri umagwira makamaka ana ndi achinyamata, pansi pa chigaza kapena m'mafupa a m'khosi. Maselo ake nthawi zambiri alibe timatumba tija, ndipo puloteni ya SMARCB1 imasowa. Bungwe la WHO linauzindikira ngati mtundu woima paokha mu 2020.

Ena angati popeza brachyury ilipo, kudziwa malo kulibenso ntchito. Koma woyeza minofu sayesa puloteni iliyonse pa kachidutswa kalikonse. Amasankha zoyesa malinga ndi zimene akukayikira. Akapanda kuuzidwa kuti kachidutswako kachokera pansi pa chigaza cha mwana, maselo opanda thovu aja akhoza kuwatenga ngati a khansa ina, brachyury osaiganizira n'komwe. Choncho dokotala wa opaleshoni ayenera kulemba pa fomu fupa lenilenilo, zaka za wodwala ndi zimene sikani yaonetsa.