Denga Likadontha, Akonze Ndani Nyumba ya Lendi?

Ramadhani ikagwa m'dzinja, alipo anzathu amene amadya futari atayika beseni pakati pa mphasa kuti lizilandira madzi a padenga. Nyumbayo si yao, ndi ya lendi, ndipo mwini wake saiwala kubwera mwezi ukatha. Tsono tifunse: ngati iye sakonza, kodi nkoyenera kuti boma litenge ndalama za msonkho, za anthu onse, nkumpatsa kuti akonzere chuma chake?

Mashehe akale anaiganiza kale nkhani ya lendi, imene pa Chiarabu amati ijara. Imam Nawawi, wa madhihabu a Shafi amene ambiri kuno kunyanja timatsata, anamwalira m'chaka cha 1277, koma chigamulo cha m'buku lake la Minhaj al-Talibin chikugwirabe ntchito. Kukonza khoma ndi denga ndi udindo wa mwininyumba. Akapanda kukonza, wa lendi ali ndi ufulu wothetsa pangano. Kusesa zinyalala ndiye kwa wokhalamo. Chifukwa chake nchomveka: wa lendi sagula njerwa ai, amagula pogona posanyowa. Pakanyowa, mwini walandira mtengo wa chinthu chimene sanapereke. Choncho inu amene muli ndi zipinda za lendi, malata amene mumgulire mnzanuyo musawawerenge pa sadaka zanu za mwezi uno. Imeneyo ndi ngongole.

Koma ufulu wotuluka umthandiza chiyani munthu wopanda kolowera? Apa mpamene maboma ena analowererapo. Ku Britain nyumba zambiri zakale za lendi zinalibe bafa, madzi otentha, ngakhale chimbudzi cham'kati. Lamulo la Housing Act la 1969 linalola khonsolo kupereka theka la mtengo wokonzera, mpaka mapaundi 1,000, ndipo sinali ngongole. Cholinga chinali chabwino. Koma m'madera a London monga Islington, eni nyumba ena anawanyengerera kapena kuwavutitsa a lendi mpaka atatuluka, nakonza ndi ndalama za boma, nagulitsa kwa anthu opeza bwino. Denga linaleka kudontha, koma amene ankanyowa uja sanagonemo. Mu 1974 boma linaika lamulo lina: wolandira thandizo alonjeze kuti nyumbayo ikhala ya lendi zaka 5, akaswa abweze ndalamazo.

Kodi anthu aja analakwa, poti pakati pa 1969 ndi 1974 lamulo silinawaletse? Ine ndikuti analakwa ndithu. Ndalama ya msonkho si zakaati, imene siiloledwa kwa wolemera. Boma likhoza kuigwiritsa pa chilichonse chopindulira anthu, kotero kuilandira pakokha si haramu. Koma inadzera m'manja mwa mwininyumba paulendo wopita kwa wa lendi. Inali amana. Munthu akakutumani ndi nsomba kwa wodwala, inu nkudya panjira, simunganene kuti poti sanakulumbiritseni ndiye mulibe mlandu.

Tisawaike m'dengu limodzi eni nyumba onse. Taganizani mayi wamasiye wa zipinda zitatu kuseri kwa nyumba yake, lendi yonse imathera ufa ndi ndiwo. Mukamuuza kuti udindo ndi wake mwanena zoona, koma malata sakhoza kugula, ndipo wa lendi anyowabe. Wotereyu kumthandiza nkuthandiza mabanja awiri. Chimene chimandivuta ine ndi china: bambo amene anadzimana nakonza ndi thumba lake sapatsidwa kanthu, pamene wonyalanyaza uja walipiriridwa. Mawa nayenso woyambayo adzaphunzira kudikira.

Ku Ireland anayesa kutseka mpata umenewu. Mu 2017 anafalitsa dziko lonse dongosolo la Repair and Leasing Scheme, la nyumba zimene zangokhala zopanda anthu. Mwini amathandizidwa ndalama zokonzera, nyumbayo nkuibwereketsa kwa khonsolo kapena bungwe la nyumba kwa zaka zingapo kuti mulowe anthu osowa pokhala, ndipo ndalama zija zimadulidwa pang'onopang'ono pa lendi yake. Nyumba imatsala yake, yokonzedwa, koma mtengo wake walipira yekha, ndipo pa zaka za panganolo wosankha wolowamo si iyeyo.