Mtima wanga watopa, koma ngamira ndikumangabe



Ena mwa inu munandionapo pa Jumu'ah kuno ku Ntcheu nditakhala pampando kumapeto kwa safu, ndipo mwina munadabwa kuti mnyamata wa zaka 22 akuswaliranji chokhala ngati nkhalamba. Wina anachita kundifunsa ngati ndinavulala ku mpira. Miyendo ili bwinobwino, vuto ndi mtima. Ndikawerama kuti ndipite pa sijida, mpweya umandithera.

Madokotala akuti mtima wanga ukulephera kupopa magazi mokwanira. Gwero lake ndi chinthu chomwe tonse timachipeputsa: zilonda zapakhosi ndili mwana. Pali tizilombo tina toyambitsa zilondazi, ndipo mwana akapanda kulandira mankhwala, thupi polimbana nato limatha kuwononganso tizitseko ta mkati mwa mtima, tomwe kuchipatala amati ma valve. Zimayenda mwakachetechete kwa zaka. Ine ndinadziwa ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, mapazi atatupa mpaka nsapato kukana, usiku ndikugona pa mapilo atatu kuti ndipume. Atandijambula mtima ku Lilongwe m'pamene zinadziwika.

Panopa moyo wanga ndi jakisoni wa penicillin masabata anayi aliwonse, mapiritsi okodzetsa omwe salola udhu kukhalitsa, ndi ndiwo zopanda mchere. Tchipisi cha mbatatesi ya ku Tsangano chothira mchere wambiri chija ndimangochiyang'ana. Ramadhan yapitayi sindinasale. Dokotala ndi shehe onse anagwirizana kuti ndisayese. Ndikudziwa kuti Allah anampatsa wodwala chilolezo, komabe tsiku loyamba ndinalira.

Usiku wina tulo titasowa ndinayamba kuwerenga pa foni za kafukufuku wa mankhwala, uja amayesa mankhwala pa odwala odzipereka okha. Mtima unati myaa. Ndinati basi, chipulumutso changa ndi chimenechi. Nditanena kunyumba, agogo anagwira pakamwa: "Mwana iwe, amenewo akufuna magazi ako!" Iwo mphekesera za anamapopa za mu 2017 sanaziiwale. Amalume anabwera ndi mfundo ina: "Mphwanga, zomwe Allah walemba walemba. Kupita kukadzipereka kuti akuyesere mankhwala, si kukana qadar kumeneko?"

Funso la amalume linandibwezera ku madrassah. Ustaz wathu ankakonda nkhani ya munthu amene anafunsa Mtumiki (SAW) ngati ngamira yake aimange kapena aisiye n'kungodalira Allah, ndipo anauzidwa kuti ayambe waimanga kenako adalire. Tinaphunziranso kuti Allah sanatsitse matenda popanda kutsitsanso mankhwala ake, kungoti ena amawadziwa, ena sawadziwa. Tsono ngati mankhwala alipo koma sanadziwike, adzadziwika bwanji popanda anthu owafufuza ndi odwala ololera kuti ayesedwe? Kufufuzako nakonso ndi qadar ya Allah. Ndipo ife a Malawi zipatso zake tikudya kale. Mu 2018 makolo a ku Ndirande ndi Zingwangwa ku Blantyre analola ana awo oposa 28,000 kulowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi. Mu 2023 katemerayu anayamba kuperekedwa dziko lonse, kuphatikizapo kwa ang'ono athu a kuno ku Ntcheu.

Amalume ndinawayankha bwino ndithu. Koma panali munthu wina amene ndinali ndisanamuyankhe: ine mwini. Niya yanga inali yopindika. Ndinkaona kafukufuku ngati khomo lakuseri lolandirira mankhwala abwino omwe anzanga sakulandira.

Tsiku la sikelo yanga ku Lilongwe ndinafunsa dokotala. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti m'kafukufuku wotere wodwala sasankha, dokotalanso sasankha. Kompyuta ndi imene imagawa anthu ngati maere: ena alandire mankhwala atsopano, ena omwe alipo kale. Amatero chifukwa palibe amene akudziwa kuti abwino ndi ati. Akanadziwa, kafukufuku sakanafunika. Kenako anandiuza zomwe sindinkafuna kumva, kuti pakadali pano sakudziwa kafukufuku amene ine ndingalowemo, koma ukapezeka andiuza.

M'minibasi pobwerera ndinali wokwiya. Tinadutsa Dedza, tinadutsa Lizulu, ine duu. Mumtima ndinkati, Ya Allah, ngamira ndafuna kumanga, nanga chingwe mwandilandiranji?

Nditafika kunyumba ndinawerenganso, ulendo uno modekha, ndipo zinthu ziwiri zinandichititsa manyazi. Choyamba ndi kafukufuku wotchedwa INVICTUS, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Munali odwala oposa 4,500 a matenda ngati angawa omwe mtima wawo umagundanso mosalongosoka, a ku Africa, Asia ndi Latin America. Anayerekeza mankhwala atsopano oletsa magazi kuundana, rivaroxaban, ndi akale monga warfarin. Ambiri ankayembekeza kuti atsopanowo achita bwino, koma omwalira anachepa kwa omwe ankamwa akale aja. Eti, chatsopano chomwe ndinkachilirira sichikhala chabwino nthawi zonse. Surat Al-Baqarah imatikumbutsa zomwezi, kuti munthu utha kukonda chinthu chomwe chili choipa kwa iwe, chifukwa wodziwa ndi Allah.

Chachiwiri ndi kafukufuku wa ku Gulu, m'dziko la Uganda, yemwe anatuluka mu 2021. Anatsatira kwa zaka ziwiri ana pafupifupi 800 omwe matendawa anali atangoyamba, asanaonetse zizindikiro. Mwa omwe ankabayitsa penicillin masabata anayi aliwonse, matenda anakula mwa ana 3 okha; mwa omwe sankabayitsa, anakula mwa ana 33. Jakisoni wake ndi yemwe uja ndimabayitsa ine. Ndipo ndiulule pano: ndinali nditamudumpha kawiri, kamodzi chifukwa cha mayeso, kamodzi chifukwa choti amawawa. Chingwe chinali m'manja mwanga nthawi yonseyi, ine maso ali pa chingwe chomwe sichinalukidwe.

Kufuna kulowa m'kafukufuku sindinasiye. Dokotala akadzandiitana ndidzaswali istikhara, ndidzakhala pansi ndi amayi ndi amalume, ndipo mtima ukadzakhazikika ndidzalowa, Insha Allah. Koma niya ndaikonza. Ndidzalowa ndikudziwa kuti mwina ine sindidzapindula kanthu, koma yankho lomwe lidzapezeke lingathandize mwana wa ku Biriwiri kapena ku Kampepuza amene lero akudandaula pakhosi. Makolo a ku Gulu aja sakundidziwa, komabe ndikupindula ndi kulolera kwawo. Ndikuyembekeza kuti kwa Allah zoterezi zimalembedwa ngati sadaka.

Kwa inu amene mungadzaitanidwe, mantha a agogo anga ali ndi mankhwala ake: kufunsa. Kafukufuku woona kuno kwathu amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu olowamo, monga COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo. Funsani kuti wavomerezedwa ndi ndani. Akufotokozereni m'chilankhulo chomwe mukumva musanasaine, kuphatikizapo zoopsa zake ndi chomwe akatenge magaziwo akachite nawo. Muli ndi ufulu wokana kapena kutuluka nthawi iliyonse popanda kutaya chithandizo chanu. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama kuti akulembeni, ameneyo ndi wakuba.

Ndipo mng'ono wanu akamva kuwawa pakhosi thupi likutentha, musangomugulira panado pagolosale. Mupite naye kuchipatala.

Lachiwiri likubwerali ndi tsiku langa la jakisoni, ndipo ndikapita, Insha Allah. Mukandiona pampando paja musachite manyazi kundipatsa salamu. Mundikumbukire m'ma dua anu, pamodzi ndi odwala onse. Allah atipatse shifaa, atipatse sabr, ndipo atikonzere ma niya athu. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullah.