Mwana Woima Pambali pa Bwalo

Mu Mthenga Wabwino wa Marko Woyera (10:13-16), ophunzira adakalipira anthu obwera ndi ana, koma Ambuye Yesu adaipidwa nazo, nafungatira anawo ndi kuwadalitsa. Akhristu amabwereza cholakwa cha ophunzirawo akamapirikitsa mwana wa otizimu pa mpira kapena pa fulaye, ati ndi wamwano kapena wolodzedwa.

Otizimu si ufiti kapena kuleredwa moipa: ubongo wa mwanayo umakula mosiyana. Ana otere ambiri amazunzika ndi phokoso, ndipo kusintha kwadzidzidzi kumawasokoneza.

Choncho atsogoleri a Tilitonse ndi miphakati amufotokozere masewera asanayambe, achepetse phokoso, amupezere mnzake woleza mtima ndiponso malo abata opumulirapo. Makolo ake asamubisenso m'nyumba. Parishi yotsekereza mwana ameneyu yatsekereza Khristu mwini.