Kodi Wopambana Ndi Wakuba?

Pa msika wa Mitundu, ndiponso pa Nathenje m'mbali mwa msewu wopita ku Dedza, sipasowa amuna ozinga bawo dzuwa likapendeka. Bawo lili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64, ndipo zonsezo zili poyera, palibe chobisika. Komabe munthu akagonja katatu kotsatizana, kawirikawiri savomera kuti mnzakeyo wamposa nzeru. Anena kuti walumpha dzenje potakata, kapena kuti wafumbata nkhomo m'chikhatho. Akasowa chonena, ang'ung'udza kuti dzanjalo lili ndi mphini. Nanga nchifukwa ninji mtima wa munthu uona chapafupi kutcha mnzake wakuba koposa kumutcha katswiri?

Nthenda imeneyi si ya kuno kokha ayi. Ku maiko a kutali kuli masewera otchedwa backgammon. Anthu awiri ayendetsa mbewu 15 aliyense, koma asanayendetse aponya madayisi awiri, timiyala ta mbali 6 tolembedwa madontho, ndipo madonthowo ndiwo alamula kutalika kwa ulendo. Chotero m'masewerawa nzeru ndi mwayi ziyendera pamodzi.

M'chaka cha 1979, ku Monte Carlo, pulogalamu ya kompyuta yopangidwa ndi Hans Berliner inagonjetsa Luigi Villa, katswiri wa dziko lonse, ndi zigoli 7 kwa 1. Berliner anali munthu woona mtima: anavomera yekha kuti Villa ndiye anasewera bwino koposa, koma madayisi anakomera makinawo. Mwayi ulipodi, ndipo woukana anama. Koma m'chaka cha 1992 Gerald Tesauro wa kampani ya IBM anatulutsa TD-Gammon, pulogalamu imene inaphunzira posewera yokha ndi yokha nthawi zosawerengeka, kufikira inayandikira akatswiri enieni. Pambuyo pake panabwera Jellyfish, Snowie ndi GNU Backgammon, zimene munthu wamba anatha kusewera nazo ali m'nyumba mwake. Pamenepo panabuka mkangano umene unatha zaka zambiri. Ogonja ochuluka analumbira kuti makinawo aba madayisi, nadzipatsa madontho amene afuna.

Mlanduwu unali wosavuta kuuzenga. GNU Backgammon ilola munthu kuponya madayisi ake ndi dzanja lake, iye nkuuza makinawo madontho amene agwa; ndiponso malamulo onse a m'kati mwake ali poyera, aliyense wodziwa angathe kuwawerenga. Oponya okha madayisi anagonjabe monga kale. Chinsinsi chake nchakuti wosewera wanzeru akonza mbewu zake kotero kuti madontho ambiri amene angagwe amukomere, pamene wosadziwa aziika poti madontho owerengeka okha angamupulumutse. Tsono madayisi akagwa, woyambayo aoneka ngati wamwayi nthawi zonse. Kuonjeza apo, munthu akumbukira tsoka lake kwa mwezi wathunthu, koma mwayi wake auiwala tsiku lomwelo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ifika m'minda ya kwa Chadza ndi kwa Chiseka. Ulimi ufanana ndi backgammon koposa bawo, pakuti mvula ndiyo madayisi, ndipo palibe mlimi amene aiponya. Alimi awiri oyandikana minda alandira mvula imodzi. Wina anagalauza mizere m'chilimwe, nathira manyowa, nabzala ndi mvula yoyamba, nagawa munda wake pakati pa chimanga, mtedza, soya ndi mbatata. Mvula ikachuluka kapena ikadula msanga, china chake chimupulumutsa. Mnzake anachedwa kupalira, naika chiyembekezo chonse pa mbewu imodzi. Pokolola, nkhokwe ya woyambayo idzaza, ndipo m'mudzi muyamba manong'onong'o akuti ngokhwima, akawa chimanga cha anzake usiku.

Kunamizira makina sikupweteka munthu, pakuti makina alibe mbiri yoti iwonongeke, ngakhale ana oti anyozedwe pa chitsime. Koma mtima womwewo ukalunjika kwa mnansi ubala zoopsa. Mabanja apatukana, nyumba zitenthedwa, ndipo okalamba ena aphedwa m'dziko muno chifukwa cha mawu otere. Lamulo la boma la 1911 liletsa kutchula munthu mfiti, ndipo lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu silitsutsa bodza la pabwalo lokha, komanso kuweruza mnzako mumtima popanda umboni. Sikuti akuba kulibe ayi. Alipo ofumbata nkhomo, alipo ogula mbewu ndi sikelo yokhota, ndipo amenewo ayenera kudzudzulidwa poyera. Koma wodzudzula abwere ndi chimene anaona ndi maso. Kuwawa kwa mtima wake si mboni.

Pali chinanso chimene wonamizira ataya, ndicho phunziro. Amene wanena kuti mnzake apambana ndi mankhwala wadzitsekera yekha khomo, pakuti sadzapitanso kukafunsa kuti manyowa aja anawapanga bwanji. Akatswiri a backgammon amene anameza manyazi anachita mwina. Anayang'anitsitsa kayendetsedwe ka TD-Gammon, naona kuti mayendedwe ena oyambira, amene mabuku awo anaphunzitsa kwa zaka zambiri, anali operewera, ndipo anawasiya. Lero wosewera akamaliza mpikisano apereka masewera ake kwa makinawo kuti amusonyeze pamene anaphonya. Ngakhale pa bawo la pa Nathenje, mnyamata amene adzakhala katswiri adziwika msanga: akagonja sachoka, akhala chete kumbuyo kwa amene wamugonjetsayo, nawerenga maenje pamodzi naye.